Musadikire Chaka Chachinayi: Momwe Kafukufuku Wanga wa Kasungidwe ka Chimanga Anayendera

Ophunzira ambiri a zaulimi amayamba kuganiza za kafukufuku wawo tsiku lomwe dipatimenti yamata mndandanda wa masupavaiza pa bolodi, chaka chachinayi chitayamba kale. Ngati mutu wanu ukukhudza mbewu, pamenepo mwachedwa. Chimanga chimakololedwa pakati pa Epulo ndi Juni kaya sukulu yatsegula kaya yatseka, ndipo nankafumbwe sangafulumire kudya chifukwa choti inu muli ndi tsiku loperekera lipoti. Kafukufuku wanga anali wa kasungidwe ka chimanga chotonola. Ndifotokoza momwe anayendera kuyambira pa mutu mpaka pa zomwe anadzandipindulira nditamaliza sukulu, kuti inu amene muli m'chaka chachiwiri kapena chachitatu muone poyambira.

Mutu womwe ndinapita nawo koyamba kwa aphunzitsi unali wakuti "mavuto a kasungidwe ka zokolola m'Malawi". Anandifunsa zinthu zitatu: mbewu iti, kudera liti, ndipo ndikayeza chiyani ndi chida chanji. Ndinatuluka mu ofesimo manyazi atandigwira, mtima ukuwawa pang'ono, koma popanda mayankho a mafunso atatuwo palibe choti munthu angayeze. Titaudulira, mutuwo unatsala motere: kuyerekeza njira zitatu zosungira chimanga kwa miyezi isanu ndi umodzi, komanso kufunsa mabanja a mu EPA (dera la ulangizi wa zaulimi) imodzi momwe amasungira chawo.

Posankha supavaiza musatsate mbiri yoti awa ndi ofatsa, savutitsa. Lembani dzina lawo pa Google Scholar muone zomwe asindikiza posachedwapa. Mphunzitsi amene ali ndi pulojekiti yomwe ikuyenda amakhala ndi zinthu zomwe inu simungagule: chida choyezera chinyezi cha mbewu, sikelo ya mu labu, mwinanso mpando m'galimoto yopita kumidzi. Pitani kwa iwo chaka chachitatu chisanathe, mutalemba funso lanu pa tsamba limodzi. Obwera kudzapempha mutu amakhala ambiri; wobwera ndi funso lakelake, ngakhale lokhota, aphunzitsi samuiwala.

Zowerenga sizisowa monga timanenera. Malipoti a omwe anatitsogolera ali mu laibulale, ndipo mbali yothandiza kwambiri ndi ya kumapeto, pomwe amatchula zomwe sanathe kuchita. African Journals Online (AJOL) ili ndi zolemba zambiri za kuno. Zolemba za zaulimi zomwe kwina n'zolipira zimapezeka kudzera pa AGORA ya Research4Life, ndipo woti mumufunse za kalowedwe kake ndi wogwira ntchito mu laibulale. Ikani Zotero, pulogalamu yosungira zowerenga ndi mayina a olemba ake, pa laputopu tsiku loyamba lomwe, n'kumasungamo chilichonse chomwe mwawerenga. Kufunafuna chaka ndi dzina la mlembi usiku woti mawa mukupereka lipoti ndi ntchito yoliritsa. Amene mulibiretu ndalama yopitira kumidzi, dziwani kuti data ya kafukufuku wa mabanja wa National Statistical Office (NSO), monga IHS5 wa 2019 mpaka 2020, imapezeka ulere pa tsamba la Microdata la World Bank mukalembetsa. Lipoti lochokera pa data yotere, losanthulidwa bwino, limaposa la mafunso makumi atatu ofunsidwa mothamanga.

Proposal, pulani yolembedwa ya kafukufuku wanu, ikavomerezedwa, funsani msanga ku dipatimenti ngati ntchito yanu iyenera kudutsa ku komiti yoona za ufulu wa anthu ofunsidwa. Kafukufuku m'dziko muno amayang'aniridwa ndi National Commission for Science and Technology, ndipo mayunivesite ali ndi makomiti awo, monga COMREC kwa a zaumoyo ndi UNIMAREC ku Zomba. Chilolezo chotere sichituluka tsiku lomwelo, choncho chiwerengereni masabata ake mu pulani. Mukadzafuna kusindikiza zomwe mwapeza, magazini ambiri a sayansi adzafunsa nambala ya chilolezocho, ndipo sichiperekedwa ntchito itachitika kale.

Ndalama zinapita kwambiri pa zinthu zinayi: chimanga chenichenicho, matumba ndi mankhwala, mayendedwe, ndi kusindikiza lipoti pamapeto. Bajeti ndinailemba kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zomwe ndinaika pa mayendedwe ndi pa kusindikiza sizinakwanenso. Chinandipulumutsa n'chakuti chimanga ndinali nditagula nthawi yokolola, mtengo uli pansi, ndipo chomwe chinasungika bwino ndinadzachigulitsa mitengo itakwera. Pa bajeti iliyonse siyani ndalama yapadera yosakhudza, ndipo zinthu zosaonongeka gulirani limodzi poyamba.

Njira zitatu zija zinali thumba losalowa mpweya la PICS, thumba wamba la chimanga chothira mankhwala a fumbi a Actellic pa mulingo wolembedwa pa paketi, ndi thumba wamba lopanda mankhwala loyerekezera. Njira iliyonse inabwerezedwa kanayi, matumba onse 12. Kubwerezaku musakuchepetse pofuna kusunga ndalama. Ndi thumba limodzi pa njira iliyonse simungadziwe ngati kusiyana komwe mukuona kwachokera ku njirayo kapena ku ngozi ya thumba limodzi lomwe linangobooka. Malo a thumba lililonse m'chipinda asankheni mwa maere, timapepala m'chipewa tikwanira, chifukwa pafupi ndi zenera ndi pakona pa mdima sipatentha mofanana. Chimanga chonse chichokere pamalo amodzi, muchisakanize bwino pa lona musanagawe m'matumba. Ganiziraninso za komwe tizilombo tichokere: chimanga choyera m'chipinda chatsopano chikhoza kukhala miyezi osagwidwa, inu n'kutsala opanda choyerekeza. Ena amaika anankafumbwe amoyo owerengeka mofanana m'thumba lililonse poyamba, ena amagwiritsa ntchito chimanga chomwe chayamba kale kugwidwa kumunda. Sankhani imodzi ndipo mulembe.

Thumba la PICS, lomwe linapangidwa ndi akatswiri a ku Purdue University ku America ndipo linayambira pa kusunga khobwe, lili ndi matumba atatu: awiri a pulasitiki yochindikala mkati ndi limodzi loluka kunja. Mulibe mankhwala. Tizilombo ndi chimanga chomwe zimapuma, mpweya wabwino umatha, ndipo tizilomboto timasiya kudya ndi kuswana mpaka kufa. Choncho zonse zagona pa kamangidwe. Mumafinya mpweya kuti utuluke, kupotokola kukamwa kwa thumba lamkati, kulipinda n'kumanga ndi chingwe, kenako lachiwiri palokha, lakunja palokhanso. Musanathiremo kanthu, lidzazeni mpweya ndi kulifinya kuti muone ngati lili ndi kabowo. Petani chimanga bwinobwino, poti tizidutswa ta zitsononkho timaboola pulasitiki.

Chinyezi chisapitirire 13 peresenti. Chimanga chosauma mukachitsekera m'thumba losalowa mpweya chimasasa ndi kusintha fungo, ndipo m'thumba wamba chimachita chuku. Ngati chida choyezera chili ndi wina tsiku limenelo, pali njira ya mchere: ikani chimanga m'botolo lagalasi louma, thiranimo mchere wouma, tsekani, khutchumulani, dikirani pang'ono n'kukhutchumulanso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, bwererani nacho pa dzuwa. Njira imeneyi imangokuuzani kuti chauma kapena ayi; nambala yolemba mu lipoti ichokere pa chida.

Vuto lalikulu sindinalione polemba proposal. Pulani inali yotapa chimanga choyeza mwezi uliwonse. Koma thumba la PICS mukalitsegula mwalowetsa mpweya watsopano, ndiye kuti mukuyeza thumba lotsegulidwa mwezi ndi mwezi, osati lomwe mlimi angamange mu Juni n'kudzamasula mu Disembala. Njira yolondola ndi kukhala ndi matumba apadera a tsiku lililonse loyeza, lililonse lotsegulidwa kamodzi kokha, koma zimenezo zimachulukitsa chimanga ndi matumba. Ife tinachepetsa kuyeza n'kukhala pa chiyambi, pa mwezi wachitatu ndi pa wachisanu ndi chimodzi, kutsegula mwachangu n'kumanganso, ndipo ndinalemba mu lipoti kuti ichi ndi chofooka cha ntchitoyi. Potapa, tengani pamwamba, pakati ndi pansi, chifukwa kufumbwa sikufanana m'thumba monse. Matumba wamba mukhoza kubaya ndi chitsulo chotapira, koma la PICS lowerani kukamwa basi. Matumba onse akhale pa mathabwa, motalikirana ndi khoma. Khoswe anandiboolera thumba limodzi la PICS ngakhale ndinachita zonsezi. Ndinafuna kulimata n'kukhala chete, koma ndinalemba tsiku lomwe ndinaona bowolo n'kulichotsa pa masamu, ndipo pa difensi, pomwe umayankha mafunso a aphunzitsi pa lipoti lako, funso la thumbalo silinandivute ngati momwe bodza likanandivutira.

Kuyeza kuonongeka kumafuna kudekha kuposa nzeru. Mumasefa kuti fumbi ndi tizilombo zipatuke, n'kuwerenga tamoyo ndi takufa, mosiyanitsa nankafumbwe wamba ndi nankafumbwe wamkulu uja amene amasandutsa chimanga ufa ndipo amaboola ngakhale matabwa. Kenako mumawerenga njere, tinene 1,000, n'kupatula zabwino ndi zobooka, gulu lililonse n'kuliyeza pa sikelo. Tiyerekeze kuti zabwino zilipo 850 zolemera magalamu 255, zobooka 150 zolemera magalamu 30. Chulukitsani 255 ndi 150, mupeza 38,250. Chulukitsani 30 ndi 850, mupeza 25,500. Kusiyana kwake, 12,750, mukugawe ndi 255,000 (255 kuchulukitsa 1,000), n'kuchulukitsa ndi 100. Yankho ndi 5 peresenti. Onani kuti njere zobooka ndi 15 pa 100 iliyonse pomwe kulemera kotayika ndi 5 peresenti yokha. Izi ndi nambala ziwiri zosiyana, ndipo malipoti ambiri a ophunzira amazisakaniza. Pamafunika sikelo yowerenga tizigawo ta galamu. Ya kukhitchini singathandize.

Matumba ali chikhalire m'chipinda, ndinayamba mbali ya kumidzi. Kalata ya ku dipatimenti imayamba yafika ku ofesi ya zaulimi ya boma, kenako kwa AEDC, mkulu wa alangizi a mu EPA, amene amakulumikizani ndi alangizi a m'deralo. Alangizi ndi amene amakufikitsani kwa a gulupu ndi anyakwawa. Musalumphe mfumu ngakhale mutakhala ndi makalata angati. Kukagwa maliro ntchito imaima, tsiku la msika simupeza anthu pakhomo, ndipo mvula ikayamba aliyense amakhala kumunda mpaka masana. Zonsezi zimadya masiku ndi ndalama ya kabaza.

Chiwerengero cha mabanja ofunsa ambiri timachipeza ndi njira ya masamu ya Yamane. Pa mabanja 600, mukalola kuphonya kwa 5 peresenti mufunika 240. Mukalola 10 peresenti mufunika 86. Sankhani chomwe ndalama zanu zingakwanitse, n'kulemba chifukwa chake moona. Chofunika kuposa chiwerengerocho ndi kasankhidwe. Mukangouza alangizi kuti akupezereni alimi, mwachibadwa adzakutengerani kwa alimi otsogola, omwe amadziwa kale za PICS ndipo amayankha ngati ali m'kalasi. Pemphani kaundula wa mabanja, musankhe nokha mwa maere kapena polumpha mayina mofanana.

Mafunso ndinawaika pa KoboToolbox, yomwe ndi yaulere ndipo imagwira pa foni popanda intaneti kudzera pa KoboCollect. Mumatumiza madzulo mukapeza netiweki. Tengani power bank. Ikani malire pa mayankho a nambala kuti foni ikane zaka 250 kapena matumba 900. Musanayambe zenizeni, yesani mafunsowo pa mabanja ochepa a mudzi wina womwe suli m'kafukufuku. Kuyesako kunandionetsa kuti funso la kuchuluka kwa zokolola linali losathandiza: wina amayankha mu ngolo, wina m'matumba, wina mu ndowa, ndipo ngolo ya chimanga chosatonola si yofanana ndi ya chotonola. Funso lililonse la kuchuluka likhale ndi funso lina la muyeso ndi lina lofunsa ngati n'chotonola.

Pali china chomwe mabuku a kafukufuku satchula mokwanira. Mlendo wolemba mayina m'mudzi amaoneka ngati akulemba anthu odzalandira thandizo, kaya la zipangizo zotsika mtengo kaya la Mtukula Pakhomo. Zikatero zokolola zimachepa pakamwa, ndipo amene simunawasankhe amadandaula. Nenani momveka kwa amfumu komanso pakhomo lililonse kuti ndinu mwana wa sukulu, palibe chomwe chidzagawidwe, ndipo munthu ali ndi ufulu wokana. Funsaninso kuti amene amasamala chimanga pakhomopo ndani. Kawirikawiri abambo ndi amene amakulandirani pa mpando, koma odziwa tsiku lomwe thumba linatsegulidwa ndi momwe linafumbwira amakhala amayi.

Mayankho a kumidziko anandigwetsa ulesi kwa kanthawi. Mabanja ambiri omwe ndinacheza nawo sankasunga chimanga miyezi isanu ndi umodzi n'komwe. Ena chinkawathera msanga, ena ankagulitsa atangokolola kuti apeze fizi ndi kubweza ngongole. Ambiri anali atasiya nkhokwe zapanja poopa akuba ndipo ankasunga m'matumba m'nyumba. Ndinaona ngati matumba anga 12 akuyankha funso lomwe anthuwo sanafunse. Aphunzitsi atamva anangoti zimenezo ndiye zotsatira, ndikazilembe. Apa ndi pomwe lipoti linasinthira. M'chipinda muja PICS ndi mankhwala zinateteza chimanga pomwe chopanda kanthu chinafumbwa kwambiri, zomwe aliyense ankayembekezera. Chatsopano chinali chakuti phindu la thumba lokwera mtengo limadalira kutalika kwa nthawi yomwe banja lisunge, ndipo thumbalo limafuna ndalama pa nthawi yomwe banja lili ndi zofuna zambiri.

Posanthula, yambani ndi kuyeretsa data. Ngati munaika 99 kutanthauza kuti munthu sanayankhe, uzani kompyuta, apo ayi idzawerenga kuti banja lili ndi anthu 99. Pa matumba ndinagwiritsa ntchito masamu oyerekezera magulu otchedwa ANOVA, kenako a Tukey kuti ndione njira zomwe zikusiyanadi. Mapulogalamu osanthulira data a SPSS ndi GenStat ndi osavuta kuyamba nawo, koma amafuna laisensi yomwe simudzakhala nayo mukachoka pa sukulu. Pulogalamu ya R ndi yaulere ndipo mudzapita nayo kulikonse. Fayilo yoyamba ya data musaikhudze, gwirani ntchito pa kope lake. Sungani pa Google Drive kapena dzitumizireni pa imelo tsiku lililonse, chifukwa laputopu imabedwa ndipo fulashi imafa mosachenjeza.

Polemba musayambe ndi mutu woyamba. Yambani ndi njira zomwe munatsata, mukadakumbukira, kenako zotsatira, kenako kukambirana, mawu oyamba pamapeto. Tumizani kwa supavaiza mutu umodziumodzi. Aphunzitsi amakhala ndi makalasi, maulendo ndi ophunzira ena, ndiye lipoti lathunthu lofika sabata yomaliza silingawerengedwe bwino. Za anthu olemba malipoti pa ndalama, kapena kulembetsa zonse pa ChatGPT, ndingonena zomwe zimachitika pa difensi: amakufunsani chifukwa chomwe munasankhira mabanja 86 osati 240, kapena kuti njere munaziwerenga bwanji. Amene anagwira yekha ntchito amayankha ngakhale mawu akunjenjemera. Wogula amayang'ana pa sikirini.

Phindu loyamba linaoneka pofunsira ntchito. Digiri aliyense pa mzere uja ali nayo. Chomwe ndinali nacho chapadera chinali choti ndikafunsidwa ngati ndimadziwa Kobo, ndinkatha kutsegula fomu yomwe ndinapanga ndekha n'kufotokoza chifukwa chomwe funso lina lili ndi malire. Ntchito zoyamba za ambiri a ife zimakhala za kanthawi, zotolera kapena kuyeretsa data. Kafukufuku wotere amachitika ku NSO ndi ku Centre for Social Research ku Zomba, ku IFPRI ndi MwAPATA Institute ku Lilongwe, ku malo a kafukufuku wa zaulimi monga Chitedze, Bvumbwe ndi Makoka, komanso m'mabungwe omwe ali ndi nthambi yolondoloza ntchito zawo. Munthu amene analowapo m'mudzi kudzera kwa amfumu, n'kuona momwe funso lolakwika limaonongera data, sachedwa kukwezedwa kuchoka pa wofunsa mafunso kufika pa woyang'anira gulu. Pa CV musangolemba mutu wa lipoti. Lembani chiwerengero cha mabanja, zida zomwe munagwiritsa ntchito, ndi chomwe munapeza m'chiganizo chimodzi.

Phindu lachiwiri ndi kalata ya umboni. Maphunziro a masters kudzera ku Commonwealth, Beit Trust, RUFORUM kapena Mastercard Foundation amafuna anthu okuchitirani umboni, ndipo ambiri amafunanso kuti mufotokoze zomwe mukufuna kukafufuza. Mphunzitsi amene anangokuonani m'kalasi ya anthu mazana adzalemba kuti munakhoza bwino. Amene anakuonani mukuulula za thumba lobooledwa ndi khoswe ali ndi nkhani yeniyeni yolemba. Ndipo funso la masters nthawi zambiri limatuluka pa zomwe lipoti loyamba linalephera kuyankha. Langa linachokera pa mabanja aja ogulitsa chimanga atangokolola.

Ngati zotsatira zili zolimba, kambiranani ndi supavaiza zosindikiza, ndipo mugwirizane poyambirira kuti dzina la ndani likhala patsogolo. Chenjerani ndi magazini omwe amakutumizirani imelo yokutamandani, n'kulonjeza kusindikiza m'masiku ochepa mukalipira madola. Oterowo sawunika kanthu, ndipo dzina lawo pa CV limakuchotserani ulemu kwa odziwa. Onani ngati magaziniyo ili pa AJOL kapena pa DOAJ (Directory of Open Access Journals), ndipo funsani aphunzitsi musanatumize.

Pa ine mwini, chinasintha ndi kamvedwe ka nambala. Ndikamva pa wailesi kuti alimi amataya gawo lakutilakuti la zokolola, ndimafuna kudziwa ngati akunena njere zobooka kapena kulemera kotayika, pa miyezi ingati, ndipo anayeza kapena anangofunsa. Mantha olankhula pamaso pa akuluakulu anachepanso, poti nditaima pa difensi ndinazindikira kuti za matumba amenewo palibe m'chipindamo ankazidziwa kuposa ine.

Lipoti likamangidwa, konzani tsamba limodzi m'Chichewa lofotokoza zomwe mwapeza, mukapereke kwa AEDC ndi alangizi omwe anakuyendetsani, ndipo ngati mayendedwe alola mukadutsenso kwa amfumu. Anthu a m'midzi yoyandikana ndi sukulu za ulimi amafunsidwa mafunso chaka ndi chaka osamva zomwe zinatulukapo, ndipo wophunzira wobwera pambuyo panu ndi amene amakumana ndi kutopa kwawoko. Fomu ya Kobo, data yoyeretsedwa yopanda mayina a anthu, ndi malamulo a R omwe munalemba zisungeni pamodzi mu foda imodzi pa intaneti, chifukwa olemba ntchito ndi a masters akhoza kudzazifuna patapita zaka.